ZA PA KHOMO PATHU: Msika wa m'Lamya

Mwezi uno tifuna kuceza nanu za msika wina wacilendo, umene ulibe bwalo, ulibe mthunzi wa mtengo, ulibenso tsiku lace pa sabata, koma usonkhana usana ndi usiku m'dzanja la mwana wanu, kapena m'thumba la malaya anu omwe. Tinena msika wa m'lamya za m'manja. Tasankha nkhani imeneyi nyengo ino ya masika, pakuti ndi tsopano pamene ndalama za fodya, za mtedza ndi za soya ziri kulowa m'nyumba, ndipo ndi tsopanonso pamene amalonda a pafupi ndi a kutali apenya matumba athu ndi maso akuthwa. Ndalama imene munthu anaikhetsera thukuta kuyambira pa kugalauza kufikira pa kukolola ikhoza kucoka pa kamphindi kamodzi, cala cikangokhudza galasi. Komanso mwana wanu wamkazi wosoka zobvala, kapena mwana wanu wamwamuna wopala matabwa, akhoza kupeza mwa njira yomweyo ogula amene sakadawapeza konse pa msika wa kwanu. Cifukwa cace tiyenera kudziwa umo msikawu uyendera, kuti ogulitsa apindule mwa cilungamo, ndi ogula asalire.

Diso ndi dzanja

Kumbukirani umo tigulira pa msika wa pa bwalo. Mai akafuna mphika, ayamba waugogoda ndi cala, namvetsera ngati uli ndi mng'alu. Akafuna nsaru aipapasa, naiyang'ana pa dzuwa, akafuna nyemba azifukula ndi dzanja kufikira pansi pa dengu, kuti aone ngati zafumbwa, usipa aununkhiza. Atagwirizana mtengo, wogulitsa aonjezapo basela, ndipo awiriwo alekana akudziwana nkhope. Ngakhale m'masitolo oyamba a dziko lino zinali comweco. Kampani ya African Lakes inakhazikitsidwa ku Glasgow m'caka ca 1878, ndipo anaiyendetsa kuno abale awiri, John Moir ndi Frederick Moir. Makolo athu anaicha Mandala cifukwa ca magalasi a m'maso a John Moir. Katundu wace anacokera kutsidya kwa nyanja, komabe nsaru anaiyesa wogula ali kupenya, ndipo munthu sanapereke ndalama asanagwire cimene afuna.

Cotero mboni za wogula zinali ziwiri, diso ndi dzanja. Pa msika wa m'lamya dzanja liribe nchito, ndipo diso liona cithunzi cokha, cimene mwini malonda anasankha yekha, mwina anacikometsa, mwinanso anacitenga kwa wina. Akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono funso lalikuru la nkhani yathu ndi ili: pamene dzanja lalephera, cilowa m'malo mwace n'ciani? Ife tiyankha kuti ndi kukhulupirika kwa wogulitsa ndi kudekha kwa wogula, ndipo zonse zimene tidzanena pansipa zipacikika pa ziwiri zimenezi.

Wamalonda wa ku Chicago

Musaganize kuti bvuto limeneli labadwa pamodzi ndi lamya. M'caka ca 1872, mu mzinda wa Chicago ku America, munthu wina dzina lace Aaron Montgomery Ward anaona kuti alimi okhala kutali ndi mizinda anali kugula zinthu pa mtengo wokwera m'timasitolo ta kumidzi, popeza analibe kwina kopita. Iye anasindikiza pepala limodzi, nalembapo zinthu 163 pamodzi ndi mitengo yace, nalitumiza kwa alimi, kuti munthu asankhe ali kwao, alembe kalata, ndipo katundu amfikire pa sitima ya pamtunda. Anthu ambiri anakayika, ndipo m'caka ca 1873 nyuzipepala yaikuru ya mu mzindamo inacenjeza alimi kuti asapusitsidwe. Koma itafufuza bwino inabweza mau ace. M'caka ca 1875 Ward analonjeza poyera kuti yense wosakondwera ndi cimene wagula acibweze, nalandirenso ndalama zace. Alimi anamkhulupirira, ndipo pepala limodzi lija linakula caka ndi caka, kufikira linasanduka buku la masamba mazana ambiri.

Taonani cimene munthu ameneyu anazindikira. Wogula cinthu cakutali ali ndi mantha, ndipo mantha ace ngoyenera. Wogulitsa amene afuna ndalama ya munthu wotere ayenera kusenza yekha manthawo pa phewa lace, nanena kuti, ngati ndanama, kutayako kukhale kwanga. Mwambo umenewu sunasinthe kufikira lero. Casintha ndi liwiro, pakuti mau amene anayenda masiku ambiri pa kalata tsopano afika m'kuphethira kwa diso, ndipo munthu alibenso nthawi ya kulingalira pa njira ya ku positi.

Umo msikawu unafikira kwa ife

Facebook inayamba m'caka ca 2004, pamene Mark Zuckerberg ndi anzace anali ophunzira pa sukulu yaikuru ya Harvard, ndipo poyamba inali yocezerapo ophunzira okha. WhatsApp anaiyambitsa Jan Koum ndi Brian Acton m'caka ca 2009, ndipo m'caka ca 2014 eni Facebook anagwirizana kuigula pa mtengo wa madola ngati 19 biliyoni. Pang'ono ndi pang'ono malo ocezera anasanduka malo a malonda, monga momwe pa cigayo pasandukira kamsika cifukwa anthu asonkhanapo tsiku ndi tsiku. M'caka ca 2016 Facebook inatsegula mbali yace ya Marketplace, ya kugula ndi kugulitsa pakati pa anthu wamba. M'caka ca 2017 WhatsApp inaika Status, pamene munthu aikapo cithunzi cimene cikhala maola 24 ndi kufafanizika cokha. M'caka ca 2018 inaturutsa WhatsApp Business ya amalonda ang'onoang'ono, m'mene munthu alemba malo ace ndi maola ace a nchito, ndipo caka cotsatira inaonjezamo mndandanda wa katundu ndi mitengo, wonga pepala la Ward lija.

Koma msika suyenda popanda njira ya ndalama. Ku Kenya kampani ya Safaricom inayamba M-Pesa m'caka ca 2007, ndiyo njira ya kutumiza ndalama pa lamya. Kuno kwathu Airtel Money inayamba m'caka ca 2012, ndi TNM Mpamba m'caka ca 2013. Pambuyo pace unadza mliri wa Covid m'caka ca 2020, pamene anthu ambiri pa dziko lonse, poopa khamu, anazolowera kugula ali m'nyumba; mliri unapita, cizolowezi cinatsala. Lero mai wa kaunjika ku Lilongwe aonetsa madiresi ace pa lamya m'mawa, wogula wa ku Dedza alipira masana, ndipo madzulo mtolo uli pa minibasi. Ici n'cinthu cabwino ndithu, pakuti capulumutsa ndalama za ulendo ndi masiku a nchito.

Alipira ndani?

Mwana akakuuzani kuti kuceza pa Facebook nkwaulere, mumfunse kuti, nanga eni ace adya ciani? Ndalama ya bandulo ipita ku kampani ya lamya, siipita kwa iwo. Kampani imene iri nayo Facebook, WhatsApp ndi Instagram, imene kuyambira 2021 dzina lace ndi Meta, inalandira madola ngati 135 biliyoni m'caka ca 2023, ndipo pa madola 100 ali onse, ngati 98 anacokera kwa otsatsa malonda. Ndiko kunena kuti cimene kampaniyo igulitsa ndi maso athu ndi nthawi yathu.

Tifotokoze umo zicitikira. Wotsatsa malonda pa wailesi apfuula kwa onse, kwa ana ndi kwa nkhalamba, kwa ofuna ndi kwa osafuna. Koma wotsatsa pa lamya asankha anthu ace. Akhoza kunena kuti, mau anga afike kwa akazi a zaka zakuti, okhala ku boma lakuti, okonda zitenje, ndipo makina amfunira anthu amenewo. Makinawo atidziwa bwanji? Asunga zonse zimene ticita m'menemo: zithunzi zimene tazikonda mwa kukhudza kacizindikiro ka cala cacikuru, kamene kanaikidwa m'caka ca 2009, magulu amene talowa, kanema amene tamuonera kufikira kumapeto ndi amene tampitirira, ndiponso masitolo ena a pa intaneti amene tawacezera. Yerekezani kuti pali munthu wakutsata inu kucokera ku citsime kufikira ku munda, wosalankhula kanthu, koma ali kulemba m'buku ciri conse cimene diso lanu laimapo, ndipo madzulo auza amalonda onse cimene mtima wanu ufuna.

Inu amene munaonapo malonda a fodya ku Kanengo kapena ku Limbe mudziwa umo ogula apikisirana pa belo limodzi. Comweconso m'lamya, nthawi iri yonse mutsegula, otsatsa apikisana kuti cithunzi ca yani cioneke pamaso panu. Apambana amene wapereka ndalama yoposa, ndiponso amene makina ayesa kuti inu mudzamcherera khutu. Zonsezi zitha musanaphethire. Cifukwa cace munthu amene anayang'ana nsapato dzulo aona nsapato lero ndi mawa, nayesa kuti ndi mwai, pamene ndi nchito ya makina.

Palinso cina. Buku liri ndi tsamba lomariza, ndipo nyuzipepala ino mukaitsiriza muipinda ndi kupita kukagona. Koma m'caka ca 2006 mmisiri wina, Aza Raskin, anakonza njira yakuti tsamba la pa intaneti lisathe, cala cikakankha, zina zibwere, zinanso zibwere. Iye mwini pambuyo pace ananena poyera kuti amva cisoni ndi nchito yaceyo, ataona nthawi imene anthu ataya nayo. Munthu akakhalitsa pa msika, ngakhale anadza kudzangoona, abwerera atagula.

Za zilakolako zoyenda msanga

Kale mabvalidwe atsopano anayenda ndi miyendo. Anadza ndi anyamata obwerera kucokera ku migodi ya ku Johannesburg kapena ku minda ya ku Zimbabwe, ndipo panapita nyengo kuti mudzi wonse uwadziwe. Tsopano nsaru imene yabvalidwa pa ukwati wa mu mzinda Loweruka, pofika Lolemba atsikana a ku mudzi aidziwa kale, naifuna. Amalonda akuru azindikira kuti munthu akhulupirira nkhope yodziwika koposa mau a sitolo. Potero alipira oimba, osewera ndi ena ochuka pa lamya, kuti abvale nsaru yao kapena adzole mafuta ao pamaso pa anthu. Ena mwa iwo anena poyera kuti alipidwa, ena sanena. Mwana wanu akamva munthu wotere ali kuyamika cinthu, mumphunzitse kufunsa kuti, kodi ayamika ndi mtima, kapena ali pa nchito?

Onaninso tsiku lija lichedwa Black Friday. Ndi mwambo wa ku America, kumene masitolo atsitsa mitengo Lacisanu lotsata cikondwerero cao ca Thanksgiving, cimene cikhala Lacinai lacinai la mwezi wa Novembala. Mwambowu unaoloka nyanja, nufika ku South Africa, ndipo tsopano tiumva ndi m'masitolo a m'mizinda yathu. Kwa eni ace nyengo imeneyo ndi ya pambuyo pa kukolola; kwa ife ndi nyengo ya mvula yoyamba, pamene ndalama iri yonse ya m'nyumba ifunika pa mbeu ndi feteleza. Banja limene ligula wailesi m'Novembala cifukwa mtengo watsika, nilicepetsa thumba la feteleza, lidzazindikira mtengo wace weniweni m'Febuluwale, nkhokwe itapepuka.

Amisiri a masitolo a pa intaneti ayesetsa kucotsa copunthwitsa ciri conse pakati pa cilakolako ndi kulipira. M'caka ca 1999 kampani ya Amazon inalandira ciphaso ca boma la America ca njira ya kugula mwa kukhudza kamodzi kokha. Kufewetsa njira kotere nkwabwino kwa munthu amene watsimikiza kale, koma nkoopsa kwa amene ali kungolakalaka. Enanso apitirira pamenepo, nachera misampha. Aika koloko yowerenga mphindi, kuti munthu ayese kuti mwai uli kutha. Alemba kuti zatsala ziwiri zokha, pamene nyumba yadzala. Abisa ndalama zina kufikira pa mapeto, munthu atatopa kale. Kapena akonza khomo lolowera lalikuru ndi loturukira lobisika, monga mono wa nsomba. M'caka ca 2010 katswiri wina wa ku Britain, Harry Brignull, anayamba kusonkhanitsa macenjera otere ndi kuwaonetsa poyera, kuti anthu awazindikire. Ndipo m'mwezi wa Sepitembala 2025 Amazon inabvomera kulipira madola 2.5 biliyoni, kuti uthe mlandu umene bungwe la boma la America loyang'anira malonda linaiimba, wakuti inalowetsa anthu m'gulu lace lolipira la Prime osamvetsa bwino, niumitsa njira ya kuturukamo. Kampaniyo sinabvomere kulakwa, koma ndalama inagwirizana kupereka. Ngati anthu ophunzira a m'maiko olemera akodwa, ife tisadzitame kuti sitingakodwe.

Kwa inu ogulitsa

Tsopano titembenukira kwa inu amene mufuna kugulitsa mwa njira imeneyi: osoka, oweta nkhuku, oumba, oluka mphasa, ogulitsa mpunga ndi nyemba. Makampani akuru alipira akatswiri kuti alingalire ulendo wonse wa wogula, kuyambira pamene aona cinthu, kufikira pamene alipira ndi kucilandira. Nzeru imeneyi ife tinaidziwa kale, pakuti mlendo safika pa nyumba imene njira yace yamera cire. M'caka ca 2016 kampani ya Google inalengeza kuti pa maulendo 100 a anthu otsegula tsamba la intaneti pa lamya, 53 alekera pa njira ngati tsambalo licedwa koposa masekondi atatu. Nanga kuno, kumene bandulo njodula ndi netiweki ibwera ndi kupita, wogula adzapirira kufikira liti? Lambulani njira yanu motere.

Coyamba, cithunzi cikhale ca katundu wanu weniweni, cojambulidwa masana pa malo oyera. Musatenge cithunzi ca mwini wace pa intaneti. Ngati malaya ali ndi cigamba, cionetseni, ndipo mutsitse mtengo. Wogula amene waona cigamba asanalipire sadzakunenerani zoipa.

Caciwiri, lembani mtengo poyera. Kawiri kawiri tiona wogula afunsa kuti, "Acemwali, diresi ili ndalama zingati?" ndipo mwini ayankha kuti, "Bwerani kumbali tikambirane." Wogula akamva cotere aganiza kuti mtengo uyesedwa ndi nkhope ya munthu, napita kwina. Lembaninso ndalama ya minibasi ndi tsiku limene katundu adzafika, kuti pasaoneke cacilendo pa mapeto. Mitengo ikasintha, monga inasinthira m'Novembala 2023 pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100, fafanizani yakale tsiku lomwelo, kuti munthu asadze ndi ndalama yoperewera cifukwa ca mau anu.

Cacitatu, mverani cisoni bandulo ya mnzanu. Zithunzi ziwiri kapena zitatu zooneka bwino zikwanira. Kanema wamtali adya ndalama ya wogula asanagule kanthu. Lembani m'cinenero cimene ogula anu alankhula, ndipo kwa amene abvutika kuwerenga tumizani mau a pakamwa.

Cacinai, yankhani msanga ndi mwa ulemu. Yambani ndi moni, monga mukadacitira pa khomo panu. Munthu amene wafunsa m'mawa nayankhidwa mawa lace wagula kale kwa wina. Ngati muli ku munda kapena ku maliro, lembani pamwamba nthawi imene mudzapezeka.

Cacisanu, dzina lanu likhale limodzi. Dzina limene lioneka pamene munthu atumiza ndalama lifanane ndi limene mwamuuza. Likasiyana, mfotokozereni asanafunse. Nenaninso kumene mupezeka, pa msika uti, pafupi ndi ciani, kuti wogula adziwe kuti kuseri kwa cithunzi kuli munthu wokhala ndi khomo.

Cacisanu ndi cimodzi, khalani okonzeka kulandiranso katundu wolakwika, monga anacitira Ward. Mudzataya pang'ono pa tsikulo, koma munthu amene wabwezeredwa ndalama mwa mtendere asanduka mboni yanu m'mudzi mwace monse.

Cacisanu ndi ciwiri, dziwani malo. Gulu la pa lamya limene linakhazikitsidwa cifukwa ca maliro, ca sukulu kapena ca mapemphero si bwalo la malonda anu. Mukalidzaza ndi zithunzi za nsapato, anthu adzatopa nanu. Ndipo musaike cithunzi ca wogula kapena mau ace pamaso pa anthu musanampemphe.

Zonsezi ziteteza cuma cimodzi, ndico dzina labwino. Msika wa eBay, umene unayamba ku America m'caka ca 1995, unasonkhanitsa anthu osadziwana konse, ndipo m'caka ca 1996 mwini wace, Pierre Omidyar, anaika malo akuti wogula ndi wogulitsa alembepo umboni wa mnzace. Umboni umenewo ndiwo unacititsa alendo kutumizirana ndalama mosaopa. Kwathu umboni uyenda m'magulu a WhatsApp, ndipo uyenda msanga koposa moto wa m'chire. Wonamiza pa cithunzi ali ngati wogulitsa ndi sikelo yokhota. Lamulo lacisanu ndi ciwiri ndi lacisanu ndi citatu la Mulungu limfikira ngakhale wogula ali kutali ndipo samuona nkhope.

Kwa inu ogula

Kwa inu ogula tiri ndi mau awa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Cinthu ca mtengo waukuru musacigule tsiku limene mwaciona. Cigonereni, ndipo mwamuna ndi mkazi akambirane, pakuti ndalama ya m'munda ndi ya onse amene anagwira khasu. Wogulitsa woona adzadikira kufikira mawa. Amene akufulumizani nanena kuti tumizani tsopano lino, ameneyo mumcenjerere.

Pemphani cithunzi catsopano ca cinthuco, cojambulidwa pamene mwafunsa, kapena muimbirane lamya ya kanema kuti mucione ciri m'manja mwace. Funsani ngati pali wina wa kwanu amene anagulako kwa iye. Safunsa anadya phula. Ngati muli ndi mbale mu mzinda, mtumeni akaone ndi maso ndi kugwira ndi dzanja m'malo mwanu. Pamene kuli kotheka lipirani mutalandira, kapena perekani gawo lokha poyamba. Mtengo ukatsika kopitirira muyeso, monga feteleza wa theka la mtengo wa m'sitolo, dzifunseni kuti mwini wace apindula ciani. Kawiri kawiri thumba lotere kulibe, kapena m'kati mwace muli zosakaniza.

Nambala yanu yacinsinsi ya ndalama za pa lamya musauze munthu ali yense, ngakhale wakunena kuti ali wa ku kampani. Mukalandira uthenga wakuti wina wakutumizirani ndalama molakwa, ndipo apempha kuti mumbwezere, yambani mwaona nokha ndalama zimene ziri m'lamya mwanu. Ambiri abweza ndalama imene sinafike konse. Musanatsimikize kutumiza, werengani dzina ndi nambala kawiri. Ndipo musafafanize mauthenga a malonda kufikira katundu ali m'manja mwanu, pakuti amenewo ndiwo mboni zanu pa mlandu.

Dziwaninso kuti wogula sali wamasiye pamaso pa boma. Dziko lathu liri ndi lamulo loteteza ogula la m'caka ca 2003, ndi lina la za malonda ndi milandu ya pa intaneti la m'caka ca 2016. Liri ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene lilandira madandaulo a ogula. Wonyengedwa apite msanga ku kampani ya lamya ndi ku polisi, atatenga mauthenga ndi nambala ya womnyenga. Manyazi asamtseke pakamwa, pakuti kukhala cete kwace kupatsa wakuba mpata wa kunyenga mnansi wace mawa.

Mau otsiriza

Tiona m'mabanja ambiri kuti ana adziwa lamya koma sadziwa msika, ndipo makolo adziwa msika koma aopa lamya. Mwanayo cala cace n'cofulumira, koma sanaonepo sikelo yokhota. Gogo wace sadziwa kutsegula tsamba, koma azindikira wonyenga pa mau ace oyamba. Cotero tikupemphani, atate ndi amai, madzulo ena mutadya nsima, muitane mwana wanu adze ndi lamya yace, mukhale naye pa mphasa. Iye akuonetseni umo malonda aonekera m'menemo, ndipo inu mumfunse mafunso amene mukadafunsa pa msika wa pa bwalo: mwini wace ndani, akhala kuti, anagulako ndani, ndipo cikaipa tidzambwezera bwanji? Ngati mwanayo ndi wogulitsa, mumuuze za wamalonda wa ku Chicago, ndi kuti ogula adzabweranso kwa iye amene sanawanamize.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Werengerani nkhani iyi anzanu amene sadziwa kuwerenga, makamaka nkhalamba zimene zilandira ndalama pa lamya kucokera kwa ana ao a kutali.